A Nkhuwa, Mlonda wa Zinziri

Kuyambira ku midzi ya ku Mkaika mpaka pa msika wa Katete, ukangotchula malemu Dominic Nkhuwa anthu amayamba kuseka usanamalize, kenako wina n'kuti, "Aja a zinziri aja." Bambo ameneyu ankakonda zinziri. Sitikunena zokazinga ayi, koma zamoyo, zakutchire, timbalame tija timathamanga pansi pa udzu ngati tachedwa ku msonkhano. Anthu ena amakondwa mwana akakhoza mayeso, ena ng'ombe ikabereka. A Nkhuwa ankakondwa akapeza chisa.

Mbiri yawo inafika patali chifukwa cha linthumbu. Munali mu Febuluwale, udzu utafika m'chiuno, ndipo a Nkhuwa anali atagona chafufumimba m'tsala la akazi awo, kuyang'ana zinziri imene inkafungatira mazira. Kumsana anafunda thumba la feteleza kuti mbalameyo iziti ndi chulu. Osadziwa kuti agona pa msewu wa linthumbu. Tsono linthumbu, monga mudziwa, silifulumira. Limayamba lakwera mwaulemu, kulowa monse molowa, kenako n'kuluma lonse nthawi imodzi ngati lapangana.

Munthu wina akanakuwa. A Nkhuwa anakukuta mano n'kuyamba kukwawa chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, kuopa kudzidzimutsa mbalame. Atafika pa njira ya ku tchalitchi m'pamene anadzambatuka, kuvula malaya, kuvula buluku, n'kuyamba kudzimenya mbali zonse. Nthawi yomweyo amayi a Chigwirizano anatulukira pa mphambano, atavala zoyera zawo, akuimba. Wotsogolera nyimbo anali mkazi wawo yemwe, Olipa.

Nyimbo inathera m'khosi. A Nkhuwa anatola thumba lija ndi dzanja limodzi n'kudziphimba kutsogolo, chala cha dzanja linalo n'kuika pamlomo.

"Chonde amayi, tsitsani mawu. Akufungatira."

Olipa sanawayang'ane n'komwe. Anamasula chitenje chapamwamba, kuchiponya cha kumene kunali amuna akewo, n'kuyambiranso nyimbo pamene inalekera. Koma kumbuyo kwake oimba onse ankamveka ngati akutsamwa, makamaka Vainess, msuweni wa Olipa amene nyumba yake inali pafupi ndi tsalalo. Dzuwa lisanalowe nkhaniyo inali itafika ku Sinda, kwawo kwa a Nkhuwa, ndipo pofika kumeneko linthumbu linali litasanduka njuchi ndipo thumba lija panalibe.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu ali mnyamata ndiye anali mliri wa zinziri. Ankasunga atambala a zinziri m'tizikwere, n'kumatipachika pa nsungwi yaitali m'munda. Atambalawo akalira, zinziri za m'dera lonse zinkabwera kudzaona amene akuitana, n'kukodwa m'makhwekhwe amene anali atatchera pansi. Ankaziwamba n'kukagulitsa pa mawindo a basi ku Sinda. Olipa amati pamene ankamufunsira, a Nkhuwa sanalankhule zambiri. Anangobwera ndi zinziri zowamba zodzaza lichero, ndipo amayi ake atadya zitatu anati mnyamatayo akuoneka waulemu.

Kenako zaka zinapita, ana anakula n'kupita ku matauni, ndipo chaka china mvula inagwa, udzu unamera, koma m'mawa kunali zii. A Nkhuwa anaima pakhonde m'mawa uliwonse sabata yathunthu, khutu atatchera. Tsiku lachisanu ndi chitatu anasonkhanitsa makhwekhwe onse ndi tizikwere n'kuziponya pamoto. Olipa anaganiza kuti zitha ngati chimfine. Zinatenga zaka khumi ndi chimodzi.

Vuto linali la malo. A Nkhuwa anali mkamwini. Munda uliwonse umene ankaponda unali wa banja la akazi awo, ndipo mwini mbumba anali mlongo wa Olipa, Patrick, munthu amene anakhalako ku Lusaka n'kubwerako ndi sipuleya yopopera mankhwala yobereka kumsana, ndi Chinyanja cha m'tauni. Minda yonse yozungulira inali italowa soya ndi mpendadzuwa, yopopera mankhwala, yoyera ngati bwalo la sukulu. Kunangotsala ekala imodzi ya tsala imene mayi awo anasiyira Olipa, ndipo zinziri zochepa zimene zinkabwerabe ndi mvula zinkaikira mmenemo basi. Patrick ankaifuna ekalayo. A Nkhuwa analibe mawu pa nthaka ya eni ake. Woti ayi anali Olipa yekha.

Anakambirana pansi pa mtengo wa mango mpaka mthunzi unasuntha kawiri. Pomaliza Patrick anaika lamulo lake.

"Mulamu, ine nifuna chabe nione na maso yanga. Nikaona zinziri ya mu tsala umu iyenda na bana bake, nasiya, sinizakambapo futi. Koma mazira chabe, ayi. Mazira na ine nili nayo ku nyumba."

A Nkhuwa anamugwira chanza mwachimwemwe, n'kunena kuti mvula ikubwerayi nkhani itha. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mitambo ikayamba kusonkhana, Patrick ankabwera ndi sipuleya yake kudzafunsa ngati tiana taoneka, ndipo chaka chilichonse Olipa ankamuphikira nkhuku n'kumupempha kuti apirire chaka chino chokha. Nkhuku za pakhomopo zinatha chifukwa cha zinziri.

Kunena zoona, a Nkhuwa nkhani ya zinziri ankaidziwa. Ankaifotokoza ku chigayo, pa mjigo, pa maliro, ndi kwa aliyense amene njinga yamuphwera pafupi ndi nyumba yawo. Ankati zinziri siipempha zambiri. Imafuna udzu wautali wobisa chisa. Tiana take tikaswa sitidya mbewu ngati makolo ake, timadya tiziwala, chiswe ndi timphutsi, ndiye munthu ukapopera mankhwala a udzu wagwetsa nyumba, ukapopera a mbozi wataya ndiwo. Mvula ikachedwa siziikira, ikadula pakati zimathawa zisa, ikachuluka mazira amamira. Onjezanipo moto wa osaka mbewa, ng'ombe zopondaponda, ndi amphaka amene masiku ano akuchuluka kuposa anthu. Akafika pa amphaka ankayang'ana kwa Vainess, amene anali ndi anayi.

Pa ukwati wa mdzukulu wa Patrick analakwitsa n'kuwapatsa pemphero. Akwati anawapempherera mphindi imodzi, ziwala mphindi khumi. Abusa anachita kuyambitsa nyimbo.

Ku Katete, mu sitolo ya a Rafiq mmene alimi ankagula mankhwala, a Nkhuwa ankakhala pa benchi ya pakhomo n'kumafunsa aliyense wotuluka ndi botolo ngati akudziwa chimene wanyamula. A Rafiq, munthu wofatsa, anapeza njira yake. Akangowaona akutsika njinga ankawaitanira mkati, kuwapatsa tiyi wa mkaka ndi chitumbuwa, n'kuwafunsa za zinziri mpaka ogula onse atapita. A Nkhuwa ankabwerera kunyumba akunena kuti m'Katete monse munthu wanzeru ndi mmodzi.

Koma kulalikira kunali kwapadera. Ntchito yeniyeni inali m'tsala.

Chaka choyamba anapeza zisa zinayi, ndipo ankaziyendera katatu pa tsiku pamodzi ndi galu wawo, Sajeni. Ankati galuyo ndi wanzeru, amathandiza kulondera. Olipa ndiye anayamba kudabwa kuti m'mwezi wa njala, agalu onse a m'mudzi akuwerengeka nthiti, Sajeni akunyezimira ngati wadzola mafuta. Tsiku lina anamupeza atagona pa mthunzi, tizigoba ta mawangamawanga titamatirira pa ndevu. A Nkhuwa anamuimba mlandu galuyo pakhonde, mwadongosolo, ndi mafunso. Sajeni ankangogwedeza mchira. Chigamulo chinali chingwe, miyezi itatu chaka chilichonse.

Chaka chachiwiri ng'ombe zinalowa n'kuponda chisa chimodzi. A Nkhuwa anati vuto ndi loti oweta ng'ombe sadziwa pamene pali zisa. Anatenga duku lofiira la Olipa, la ku ukwati, kulidula tizidutswa, n'kupanga timbendera. Pa chisa chilichonse anazika kamodzi. Ng'ombe zinapewadi. Koma akhwangwala, amene sanapiteko ku sukulu, anaphunzira kuwerenga timbenderato m'masiku awiri okha. Anafika pomawadikira a Nkhuwa pa denga la nkhokwe, ndipo akangowaona akutuluka ndi kambendera katsopano ankanyamuka onse n'kumawaperekeza cham'mwamba. Vainess ankati m'mudzi monse palibe munthu wina woyenda ndi omulondera ovala kolala yoyera.

Za duku Olipa sanaiwale. Anakhala masiku asanu akuwayankha amuna akewo kudzera mwa Sajeni.

Zitakanika zimenezi, a Nkhuwa anakumbukira mmene anthu amachitira ndi mazira a nkhanga. Ukawapeza kutchire umawaika pansi pa thadzi lofungatira, ndipo nkhuku imaswa n'kulera ngati ake. Anthu akhala akuchita zimenezi kuyambira kalekale, ndiye kwa zinziri kungavute chiyani? Thadzi lofungatira nthawi imeneyo linali la Vainess. Anakamupempha atavula chipewa, ndipo Vainess analola chifukwa ankafuna kuona mathero ake.

Anatenga mazira asanu ndi atatu m'chisa, kuwanyamula m'chipewa muli thonje, n'kuwalowetsa pakati pa mazira a nkhukuyo. Chimene sanaganize n'chakuti zinziri imaswa msanga, nkhuku isanakonzeke. M'mawa wina thadzi lija linamva zinthu zikuyenda pansi pa mimba. Linadzuka, kuyang'ana pansi, n'kuona tinthu ngati chala chachikulu cha kudzanja, ta mizeremizere, tikuthamanga kale. Linayang'ananso kachiwiri. Kenako linabwerera m'mbuyo ngati mayi amene wapatsidwa mwana wolakwika ku chipatala, n'kuponda titatu. Totsalato tinabalalika pabwalo ngati nyemba zotayika. A Nkhuwa ankakwawa uku akuitana ndi mluzu, Olipa akuthamangitsa amphaka ndi tsache, Vainess atakhala pa mtondo akupukuta misozi. Amphaka anali anayi, tsache linali limodzi.

A Nkhuwa anapulumutsa kamodzi n'kuthamanga nako kwa Patrick kali m'manja. Patrick anakayang'ana n'kufunsa kuti nanga mayi ake ali kuti. Kanafa madzulo a tsiku lomwelo. Thadzi lija linathawa mazira ake omwe, ndipo Vainess amalumbira mpaka lero kuti silinaikirenso, linakhumudwa.

Panali ntchito imodzi imene inkawayendera, ngakhale inayamba moipa. Chaka chilichonse udzu ukauma ankatchetcha m'mbali mwa tsala n'kutentha mzere wopingasa, kuti moto wa osaka mbewa ukafika upeze pothera. Ulendo woyamba anayatsa masana, mu Ogasiti, mphepo ikukokomeza. Tsala linapulumuka. Chimene chinapsa ndi bafa la Vainess, pamodzi ndi sopo, chitenje ndi beseni la pulasitiki limene linasanduka ngati chigumu. A Nkhuwa anamanga lina, lalikulu kuposa loyamba, ndipo Vainess anawafunsa ngati chaka chamawa angathe kutenthanso khitchini chifukwa nayo yakalamba. Koma kuyambira pamenepo anaphunzira kutentha m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo kwa zaka zonsezo moto sunalowemo m'tsalamo. Dera lonse likada ndi lupsa, ekala ya Olipa inkatsala yokha ili chiimire, ngati munthu amene wakana kumeta pa maliro.

Ulendo wa ku Vubwi ndi umene a Nkhuwa ankaukamba monyadira. Anamva kuti cha kumalire a Mozambique zinziri zikadalipo zambiri, ndiye anakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya wamalonda wina wa nyemba, n'kukakhala masiku atatu. Anabwerako fumbi lili mpaka m'makutu, ndi nkhani yoti kumene anafikako anthu ambiri akadapalira ndi khasu, m'malire a minda amasiya udzu, ndipo ziwala zimakudumphira kumaso poyenda. Anabweranso ndi tambala wa zinziri m'kachikwere, wa pakhosi pokongola, amene anati adzaitana akazi ndi kulimbitsa mtundu.

Anaitana anthu kudzaonerera. Patrick anabwera, Vainess anabwera ndi mpando. A Nkhuwa anagwada m'mphepete mwa tsala, kulankhula mawu ochepa olandira mlendo, n'kutsegula kachikwere. Tambala uja anatuluka, kuyang'ana udzu, kuyang'ana anthu, kuyang'ana a Nkhuwa. Kenako anauluka molunjika kummawa, osakhota, mpaka anasanduka kadontho.

"Yakana chikamwini," anatero Vainess. "Yaona mmene akukhalira anzake."

Ngakhale a Nkhuwa anaseka, koma mochedwa.

Zaka zinkapita choncho. Zinziri zinkabwera, kuikira, n'kulephera. A Nkhuwa ankaonjezera khama. Ankanyamula dzira lililonse n'kuliyang'ana pa dzuwa kuti aone ngati muli moyo. Mvula ya matalala ikabwera ankathamangira kukaimika ambulera pa chisa. Njira yawo yochoka pakhonde kupita m'tsala inapondeka mpaka kusalala ngati ya ku mjigo, ili ndi nthambi yopita ku chisa chilichonse, ndipo Olipa kangapo konse anaona nyenga ikuyenda m'njiramo mosafulumira, ngati munthu wopita kukagula zinthu ku sitolo imene amaidziwa.

Tsiku lina akusenda mtedza pakhonde, Olipa anayesa kulankhula. Anafunsa mofatsa ngati sizingakhale bwino atapuma sabata imodzi, osalowamo, kuti mawondo nawonso apume. A Nkhuwa anatembenuza chipewa m'manja, n'kumuyankha pomuitana ndi mfunda wake.

"aNambewe, mbalamezi ndinazimaliza ndine. Ndikakhala pansi ndimaziona zili pa lichero."

Olipa anawapatsa mtedza wodzaza dzanja, ndipo iwo anadya pang'ono n'kunyamuka kukaona chisa.

Kenako kunabwera chaka cha ng'amba ija imene inawotcha chimanga chikumasula. Zinziri zinafika zochepa, imodzi yokha n'kuikira mazira anayi, ndipo dzuwa litakula inawasiya. Ziwala kunalibe. M'nkhokwe za anthu munalibe kanthu. Patrick atabwera ulendo umenewo sanaseke, sanatchule za nkhuku. Anauza mlongo wake kuti m'mbumba muli ana amasiye, kuti ekala imodzi ya soya si masewera, ndipo zaka khumi ndi chimodzi n'zokwanira kudikira mbalame. Olipa anadziwa kuti mlongo wakeyo ankanena zoona. Anavomera kuti mvula ikubwerayo ikangogwa, sipuleya ilowe.

Anawauza amuna ake madzulo akudya. A Nkhuwa anangoti amva. M'mawa mwake Olipa anawapeza akunola chikwakwa chotchetchera m'mbali, ngati kuti palibe chimene chasintha.

Sanachigwiritse ntchito. Mu Juni, kuzizira kutafika, anayamba kutsokomola, ndipo chifuwacho chinasanduka chibayo. Ku chipatala ku Katete anakhalako masiku asanu, ndipo anamwino amati masiku atatu oyamba wodi yonse inaphunzira zimene tiana ta zinziri timadya. Tsiku lachisanu anagwira dzanja la Olipa. Iye anaweramira pafupi, poganiza kuti anena za ana, kapena za kumene akufuna kukaikidwa.

"Mukatchetche m'mbali moto usanayambe."

Mwezi wotsatira anthu anaona amayi awiri achikulire akuzungulira tsala m'mawa, wina ndi chikwakwa, wina ndi chidebe cha madzi. Vainess anadandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankati msana wake sunakwatiwe ndi a Nkhuwa, ndipo akungobwera kudzateteza bafa lake. Koma mzere anaumaliza, ndipo moto wa chaka chimenecho unafika n'kubwerera.

Mudzi unasintha mosayembekezeka. Ku chigayo anthu ankangomva phokoso la injini. Mapemphero a pa ukwati anafupika, ndipo ena anayamba kuona ngati akusowa kanthu. Munthu akamapopera m'munda mwake ankacheuka, kuyembekezera chipewa chija kutulukira m'malire, koma kunalibe. A Rafiq ku Katete anasiya benchi ija pamalo ake, ndipo amati tiyi wa masana anayamba kutsala mu ketulo. Sajeni, atakalamba, ankapita yekha pa mtengo umene ankamangidwa n'kugona pamenepo, popanda chingwe. Olipa m'mawa ankadzipeza atathira madzi osamba mu beseni lachiwiri.

Mvula yoyamba itagwa, Patrick anafika ndi sipuleya kumsana. Olipa anatuluka n'kuima pa njira. Sanakonzekere choti anene, koma pakamwa panatseguka pokha. Anamuuza kuti malo amene womwalira ankakonda kugwadapo sakhudzidwa ndi khasu kapena mankhwala mpaka chaka chikwane, ndipo wophwanya zimenezi amatupa miyendo.

"Sisita, uyu mwambo sininaumvepo."

"Munali ku Lusaka, achimwene."

Patrick anayang'ana kwa Vainess, amene anali atatsamira mpanda wake. Vainess, amene naye ankaumva koyamba mwambowo, anagwedeza mutu mwachisoni n'kuonjezera kuti amadziwa bambo wina wa ku Sinda amene miyendo yake inafika ngati mitondo. Patrick anayang'ana mapazi ake, kuyang'ana tsala, n'kunena kuti chabwino, chaka chino chokha, koma chamawa ngakhale atupe mpaka m'khosi. Ena amati anachita mantha. Olipa, amene anaona mmene mlongo wake ankapewera kuyang'ana chikwakwa cha a Nkhuwa chili pakhonde, amaganiza zina.

M'tsalamo simunalowe munthu. Anthu ankaopa miyendo, ndipo Olipa ankaopa mtima wake. Njira ija inamera udzu, nthambi zake zonse zinatsekeka, mpaka sukanadziwa kuti munkayenda munthu. Akhwangwala anadikira pa nkhokwe masiku angapo, kenako anasamukira ku msika. Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, mosadukiza, ndipo ziwala zinabwerera. M'mawa Olipa ankamva kulira kuja kuchokera m'udzu, koma ankatseka zenera.

Chakumapeto kwa Malichi, m'mawa wina mame asanaume, Olipa ankathyola chibwabwa m'kamunda kake ka chimanga, m'mphepete mwa tsala. Anamva kaphokoso m'udzu n'kuima. Zinziri inatuluka, kuyang'ana uku ndi uku, n'kudutsa mzere wotchetcha uja kupita cha ku maungu. Kumbuyo kwake kunatuluka kamwana, kenako kena, kenako kena. Olipa anawerenga ndi milomo yokha. Tinali khumi ndi kamodzi.

Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi anathamanga tsiku limenelo, chibwabwa chili m'manja. Anamupeza Patrick akutsuka m'kamwa, ndipo iye anabwera mswachi uli m'manja. Vainess anatsatira wosaitanidwa. Atatuwo ananjuta kuseri kwa mapesi a chimanga nthawi yaitali, miyendo ikuchita dzanzi, Patrick akunong'ona kuti mlongo wake wayamba kuona zinthu. Kenako zinatulukanso. Ndipo zisanathe kudutsa, chapatali pang'ono panatuluka mayi wina ndi take tisanu ndi tiwiri, tokulirapo, tikudumphira tiziwala.

Patrick anawerenga kawiri, akuloza ndi mswachi. Anadzuka, kukutumula mawondo, n'kunena kuti mawu ake ndi amodzi, mulamu wawina, tsala likhale. Anatembenuka msanga n'kumapita, akupukuta m'maso ndi mkono n'kumadandaula za mame.

Olipa anatsala atakhala pansi. Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, chibwabwa chitafota pa miyendo. Ankaganiza za duku lake lofiira, za mawondo aja anachita zikang'a ndi kukwawa, ndi za udzu umenewu, umene ukanapsa kapena kupoperedwa kalekale pakanapanda munthu mmodzi wouma mutu. Tiana tomaliza titalowa m'udzu, anapukuta nkhope ndi chitenje n'kunena motsitsa kuti mwenzi a Nkhuwa akanakhalapo, akanaona.

Vainess anadzuka movutikira, atagwira msana.

"Akanaona chiyani, Olipa? Akanakhalapo bwenzi atazikonda mpaka kuzimaliza. Mbalamezi zinkangodikira kuti mwamuna wako afe kuti nazo zioneko ana."